Manja a Nasopo

Ku fakitale yodula nkhuku ankamutchula kuti Nasopo, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Ntchito yake inali yotsuka matebulo achitsulo, mipeni ndi mabeseni. Anzake ankaviika manja m'madzi a kolorini kapitawo akamayang'ana basi. Iye ankaviika kapitawo alipo, kapitawo palibe, pofika, poweruka, ngakhale pochokera kokamwa tiyi. Tsiku limene anayamba ntchito anawaonetsa kanema wa tizilombo tosaoneka ndi maso tikunyamukanyamuka pampeni, ndipo kuyambira pamenepo mtsikanayu sanakhalenso pansi. Ukamupatsa moni wapamanja, maso ake ankayamba kusakasaka mpopi.

Tsoka ilo, khungu lakelo linali losachedwa kukwiya. Anthu ena amasiyira ana awo nyumba, koma malemu bambo ake anasiyira ana awo amapasa chikanga. Bambowo ankadzikanda kuseri kwa mawondo mpaka buluku kuthimbirira. Kwa Nasopo chinakonda manja. Zala zinkang'aluka, kumanyereza, magazi kuchita kutuluka akafinya chikolopa, iye n'kumati ndiye kuti sanatsuke bwino.

Chimene chinkamupweteka mtima kwambiri chinali mnzake wobadwa naye uja. Nkhope imodzi, mawu amodzi, kuseka kumodzi, koma iyeyo ankagwira ntchito kogulitsa mbande za maluwa, tsiku lonse manja ali m'dothi ndi m'manyowa. M'zikhadabo mwake mukanamera therere. Koma chikanga chake chinkangogona tulo, n'kumadzuka pang'ono nyengo yozizira.

"Kodi iwe umasamba liti?" Nasopo ankamufunsa atakwinya mphuno.

"Ndikadzimva kununkha, mng'ono wanga," ankayankha wa maluwa, amene anatsogola kutuluka m'mimba ndi kanthawi kochepa ndipo sankalola kuti anthu aiwale zimenezo.

Nasopo anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, munthu wokhalira mumsewu, n'kubereka mwana wamwamuna. Miyezi itapitako, masaya a mwanayo anafiira n'kuyamba kukhakhala. Apongozi ake, amene ankatsala ndi mwana masana, anamutembenuza uku ndi uku, kenako maso awo anatera pamanja a Nasopo.

"Kwathu kulibe zimenezi," anatero apongoziwo. "Mwampatsira mwanayu, apongozi. Manja otere n'kumagwira nawo khanda?"

Mayi aja analankhula kamodzi n'kuiwala. Nasopo sanaiwale. M'mawa mwake anabwera ndi magolovesi a kuntchito, abuluu aja, ndi sopo wamankhwala wonunkha chipatala. Mwana ankasambitsidwa m'mawa, masana ndi madzulo, thovu mpaka m'makutu. Matewera kuwiritsa, kusita, kuwiritsanso. Pansi kukolopa mpaka simenti kutuwa. Mphaka wa m'nyumbamo anathamangitsidwa opanda mlandu. Wa maluwa akabwera ankaimikidwa pakhomo ngati wotsatsa malonda, mwana n'kumamuonera patali. Poyamwitsa, Nasopo ankayala kansalu pamkono kuti khungu lake lisakhudze la mwana.

Koma mwana ankangoipiraipira. Ankakhula masaya pachofunda, kulira mpaka mawu kusasa. Mayi ake ankazungulira naye m'chipinda, kuchoka pazenera kupita pachitseko, kubwereranso pazenera, magolovesi akulira kwichikwichi. Kunena zoona, Nasopo ankamusowa mwana wakeyo ngakhale ali m'manja mwake. Ankaona apongozi akumusisita kamutu ndi chikhatho, nsanje n'kumugwira. Kufewa kwa mwana wake anali atakuiwala, ndipo mantha ake anali akuti akangomukhudza kamodzi, amumaliza.

Loweruka lina wa maluwa sanaime pakhomo. Analowa ndi nsapato zake zamatope, n'kuyang'ana masaya a mwana amene tsopano ankachucha timadzi.

"Vala tizipita kuchipatala. Ukakana ndimuba mwanayu, ndipo apolisi sadzadziwa kuti mayi wake ndi uti."

Dokotala wa khungu anali mayi wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe. Anamuona mwana, n'kufunsa kuti amasamba kangati ndiponso ndi sopo wanji. Atamva yankho anavula magalasi aja.

"Nanga magolovesiwa ndi a chiyani, mayi?"

"Kuti ndisampatsirenso," anatero Nasopo.

Adokotala anamuuza kuti avule. Kenako anaitana wa maluwa kuti naye aike manja patebulo. Manja anayi ofanana mpaka kapindikidwe ka chala chaching'ono, awiri akuda ndi dothi koma osalala, awiri oyera mbee koma ong'alukang'aluka.

"Inu a maluwa mundimva msanga," anatero adokotala. "Khungu lili ngati munda. Nthaka yake munthu umabadwa nayo, ndipo yanu nonse awiri ndi youma, ya kumtundu. Koma zomera pamenepo zimadalira kumene ukukhala, zimene ukugwira ndi amene akukugwira. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala tizilombo tambirimbiri, langali lomwe. Tambiri n'tabwino, timatchingira toipa malo. Mukamakwecha ndi sopo waukali mumachotsa mafuta a khungu, tabwino tija n'kuchepa, khungu n'kung'aluka. M'ming'alumo ndi mmene toipa timasangalala."

"Ndiye kuti m'munda mwalambulidwa mpaka mbewu zomwe," anatero wa maluwa, koma ataona nkhope ya m'bale wake anatseka pakamwa.

"Adokotala, ingondiuzani," anatero Nasopo. "Ndinampatsira ndine?"

"Munampatsa khungu, ngati mmene munampatsira kamphuno aka. Chikanga sichipatsirana pogwirana. Kuntchito kwanu tsukani, nkhuku zimafunadi zimenezo. Koma uyu si tebulo la kufakitale."

Anawapatsa mankhwala opaka pofiirapo ndi chibotolo cha mafuta opanda fungo. Kusamba kamodzi patsiku, madzi ofunda pang'ono, osachedwa m'bafa, sopo uja ataye. Mafuta azimudzoza thupi lonse, ndi manja enieni, otsalawo adzole mayi ake.

Njira yonse yobwerera Nasopo ankaganizira zimene adokotala ananena. Zinamuwawa kuposa mawu a apongozi, chifukwa apongozi anamunamizira, koma izi zinali zoona: ntchito yonse ija, kuwiritsa konse kuja, ndi zimene zinkamuwotcha mwana. Atafika anamugoneka pabedi, n'kutsegula botolo, n'kulitsekanso. Anasamba m'manja. Anabwera, n'kuima, n'kubwereranso kumpopi. Ulendo wachitatu anapeza wa maluwa atatsamira pampopipo, mikono atapinda.

"Madzi atha, mng'ono wanga. Pita."

Nasopo anatapa mafuta ndi zala ziwiri n'kuika chikhatho pamimba pa mwana. Mwanayo anadzidzimuka n'kulira kulira kwa mwana amene wanyamulidwa ndi mlendo. Dzanja lokhakhalalo sankalidziwa, ankadziwa labala. Apa m'pamene Nasopo analira, osabisa, misozi ikugwera pamwana, koma dzanja sanachotse. Anadzoza pamimba, m'khwapa, kuseri kwa timawondo kumene kunkavutitsa malemu agogo ake. Mwana anali wofunda, wofewa kuposa mmene ankakumbukirira.

Kulira kunayamba kuchepa. Kenako kadzanja kanatambasuka, n'kugwira chala chake chong'aluka kwambiri chija, n'kuchikokera m'kamwa.

Nasopo anayang'ana kumpopi. Sanadzuke.