Nkhondo ya Achimwene Inathera pa Usipa

Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anamwalira ali ngwazi ya nkhondo, ndipo umboni wonse unali pakamwa pawo pomwepo. Akakhala pamchenga ku Chiwanga akusoka ukonde, ankatiuza kuti nthawi ya atsamunda, asilikali atalanda maboti a injini kwa asodzi, iwo anatengedwa pamodzi ndi boti n'kukhala marinyeru, msilikali wa pamadzi. Boti limenelo linkakula chaka ndi chaka. Ndili mnyamata linkanyamula anthu ochepa, koma pomwe ankamwalira linali litatsala pang'ono kumera nyumba yosanja. Zala zawo zinali zopindika manja onse awiri, ndipo ankati ndi chipolopolo.

Ana awo atagwirizana zomanga chiliza, alamu anga, mkazi wa malemuwo, anandiitanitsa.

"Alamu, inu paja munanunkhizako sukulu. Pitani mukafufuze udindo umene bambo a ana angawa anali nawo pankhondo. Zolemba pamwala sizifufutika, ndipo ine ndidzagona pambali pakepo."

"Bwanji tingolemba kuti mkulu wa asilikali onse a m'nyanja? Mwala sutsutsa."

"Mwala sutsutsa, koma anthu amawerenga," anatero.

Mayiwa akhala akudziwika kutchalitchi kuti ndi akazi a marinyeru kuyambira ali ndi mano onse. Ndinaona kuti nkhaniyi si yamasewera kwa iwo, ngakhale kuti anasankha wamasewera kuti awayendere.

Ndinayambira ku Metangula, muofesi ina imene anthu anandilozera. Ndinavala jekete la ukwati, loti kale linkandithina koma lero tingalowemo awiri. Mayi wa pamenepo anandilandira bwino, nandiuza kuti mapepala a nthawi imeneyo ena anapita ndi eni ake, otsalawo anadyedwa ndi chiswe. Choncho wodziwa bwino mbiri ya achimwene m'boma lonse la Lago ndi chiswe, ndipo sichiyankha mafunso. Koma mayiyo anakumbuka kuti ku Meluluca kuli mkulu wina wachisilamu amene ankakonza injini m'maboti olandidwawo.

Ndinapita. Ndinawapeza ali pakhonde, kofiya kumutu, maso atachita nkhungu koma makutu ali akuthwa ngati mbedza. Nditatchula dzina la achimwene ndi mudzi wathu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwati marinyeru? Akulu anu aja? Bambo, khalani pansi, mumwe tiyi kaye."

Anandiuza kuti boti linali la mwenye wina, lothontha pansi ngati dengu. Asilikali analanda boti koma sanalande nzeru ya miyala ya m'madzi, ndiye anagwira msodzi woyamba amene anam'peza pagombe. Ameneyo ndiye achimwene. Mfuti sanaikhudzepo. Zida zawo zinali chiwongolero ndi chitini chokapira madzi, ndipo pa chitinipo akuti analidi katswiri.

"Nanga nkhondo anamenya iti?" ndinafunsa.

"Imodzi yokha, ndipo ndinalipo."

Tsiku lina m'mawa nyanja ili bata, mkulu wa asilikali anaona mabwato akupalasa kuloza kutsidya. Analamula kuti awathamangitse. Achimwene analunjika bwinobwino. Ali pakati, kudzanja lamanzere kunaoneka mbalame zikugwera pamadzi, madziwo akuwira. Aliyense wobadwira kunyanja amadziwa tanthauzo lake. Achimwene anakhotetsa boti lonse, asilikali ndi mfuti zawo zomwe, n'kuyamba kukuwa kuti ponyani ukonde. M'botimo munalibe ukonde ngakhale wophera matemba. Pomwe mkulu wa asilikali uja ankawalanda chiwongolero n'kuti boti litazungulira usipa kawiri, injini yatsamwa, mabwato aja asanduka timadontho.

Pobwerera kumtunda anawamenya mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja, mpaka zala zinasweka. Kenako anawathamangitsa. Usilikali wawo wonse sunathe ngakhale nyengo imodzi ya mwera.

Ndinaseka, chifukwa ndi achimwene enieni amenewo. Munthu ameneyu anathawapo pa ubatizo wa mwana wake atamva kuti usipa wayandikira. Koma kuseka kutatha ndinafunsa kuti m'mabwatomo munali ndani.

"Amayi, ana, mbuzi, mitolo. Anthu othawa nkhondo."

"Ndiye anachita dala?"

"Ine ndinali pa injini, bambo. Usipa unalipo ndithu, ndinauona ndi maso angawa asanafe. Mabwatonso analipo. Amene anaona ziwirizo n'kusankha ndi amene mukum'mangira chilizayo. Kam'funseni."

Pobwerera ndinapeka mabodza atatu abwino kwambiri, lililonse lokhala ndi mizinga. Ndine munthu waluso pa zimenezi, ndi za kumtundu. Koma nditawapeza alamu akutembenuza usipa pathandala, mabodza onse anandithawa, ndipo ndinafotokoza monga ndinamvera, ndi chitini chomwe.

Sanasiye ntchito yawo. Akutembenuzabe usipawo anati, "Zala zimenezo ndinkazithowa ndine ndi madzi otentha. Ndi chipolopolo chanji chimene chimamenya manja awiri mofanana, chala ndi chala?"

"Ndiye munkadziwa? Nanga munandivutitsiranji ndi jekete langa?"

"Za mbalamatodya ndinkadziwa. Chimene anawamenyera ndicho sanandiuze. Ndakhala zaka zonsezi ndikuganiza kuti anaba mafuta."

Anakhala pansi pamchenga, chinthu chimene mawondo awo salola kawirikawiri, nandifunsanso za mabwato aja, ngati munalidi ana. Ndinati mkulu wa ku Meluluca watero. Anagwedeza mutu.

"Mukauze womanga chilizacho alembe kuti msodzi. Pansi pake alembe kuti anayendetsa boti pankhondo."

"Za marinyeru tisiye?"

"Siyani. Ndipo kumene ankaliyendetsera botilo musalembe, mwala ndi waung'ono."

Chiliza chinamangidwa, mawu ali momwemo. Anthu akamawerenga amandifunsa kuti boti lake linali lalikulu bwanji. Ine ndimawayankha kuti linali ndi nyumba yosanja, chifukwa ntchito imeneyo achimwene anasiyira ine.