Mphika Wobooka wa Kumanda

Kubuula kuja ndimakumvabe. Kunayamba nyengo yachisanu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Chifunga chinkatsika m'mapiri a ku Nsambe chikununkha utsi wa udzu wonyowa, ndipo m'nkhalango ya manda, kuseri kwa sukulu yathu, munkamveka mawu ngati a munthu wodwala chifuwa. Masana enieni. Agalu ankapinda michira. Amayi anasiya kutola nkhuni mbali imeneyo.

Kumeneko tinali titaikako a Bizaliele, wosula makasu. Mudzi unagwirizana kuti malemu akudandaula za mkazi wawo, a Nangondo, mlendo wa ku Matope amene anabwera pachitengwa. Anthu anati ndiwo anawapha. Abale a malemu analamula kuti mayiwo achoke, munda ndi nkhokwe asiye. Nanenso ndinawagendapo mwala kuchitsime, monga ankachitira ana onse.

Mphunzitsi wathu, a Yotamu, sankaseka kawirikawiri. Tsiku lina kubuula kutayamba anatiuza kuti tiike masileti pansi. "Ndani mwa inu wamuona wolirayo?" Tinayang'anana. "Nanga amalira nthawi yanji?" Anatitulutsa n'kutiimika m'mphepete mwa manda, pakuti munthu wamba salowamo popanda maliro. Pansi panali masamba owola, ozizira kumapazi. "Yang'anani nthambi, mumvetsere," anatero.

Nthambi zikagwedezeka, kubuula. Zikaima, bata. Ndinasuzumira pakati pa mitengo ndipo ndinaona mphika wa malemu, umene pamwambo wathu amauboola n'kuusiya pamtumbira. Unali utapendekeka, chibowo chake chitaloza kumene kunkachokera mphepo. Ndinauloza. A Yotamu anandigwira paphewa. "Waona ndiwe. Ukanene wekha pabwalo."

Ndinanena, akuluakulu akundiyang'ana ngati ndatukwana. Mmodzi mwa adzukulu okumba manda analowa n'kumata chibowocho ndi dothi. Tinadikira. Mphepo inawomba, mitengo inawerama, koma manda anakhala chete. A Nangondo sanachoke, ndipo chaka chotsatira analima munda wawo.

Ndili mwana ndinkati aphunzitsi saopa kanthu chifukwa anawerenga mabuku. Lero ndimakumbukira dzanja lawo paphewa panga. Linali lozizira ndi mantha. Nawonso anakulira m'mapiri omwewa, ndipo sankadziwa chimene tikapeze kumandako. Anapitabe kukaona, natitenga ife.