Kaseti ya a NyaGondwe

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 7, tikukhala ku Chilinde m'nyumba ya lendi yogundizana khoma ndi ya a NyaGondwe, mayi wamasiye wa ku Rumphi amene ankagulitsa mandasi pamsika. Ine nthawi imeneyo ndinkadziyesa katswiri wa nyimbo. Nyimbo yachizungu ikangoyamba pawailesi, ndinkatchula mwini wake asanatsegule n'pakamwa pomwe. Matama ndiye osanena!

Tsiku lililonse dzuwa likapendeka, a NyaGondwe ankabwerako kumsika, kutseka chitseko ndi makatani, n'kuika kaseti imodzimodziyo. Munali nyimbo zotchuka zakunja, koma zoimbidwanso ndi anyamata ena akonkuno. Gitala ankalira ngati chitini, chizungu chake chokhotakhota, ndipo pakati pa nyimbo yachitatu woimbayo ankatsokomola. Chimene chinkandiimitsa tsitsi n'chakuti akangotsokomola, kuseri kwa khomako ndinkamva a NyaGondwe akuyankha motsitsa kuti, "Pepa." Anzanga ankati m'nyumbamo muli mzukwa, ndipo pakhomopo tinkadutsa chothamanga.

Sindinkadziwa kuti woimbayo anali Wongani, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira ife tisanasamukireko. Sindinkadziwanso kuti kasetiyo inali yokhayo yotsala. Akuluakulu ankadziwa, koma za maliro sankakamba ndi ana.

Loweruka lina masana a NyaGondwe anandiitana. Wailesi yawo inali itatafuna tepi.

"Chikondi, akuti iwe umazitha zimenezi. Chonde, pang'onopang'ono."

Ndinaisolola bwinobwino n'kuyamba kuikulunga ndi bolopeni. Pakamwa panga ndiye sindinapagwire.

"Amayi, komatu awa ndi akuba nyimbo. Eni ake amaimba bwino kutalitali. Awa akungoziononga."

Anandiyang'ana. "Wamva choncho?" Anangotero, n'kumanga chitenje chawo kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, kundisiya ndimalize.

Apa m'pamene nzeru zanga zinandipweteketsa. Wailesi yawo inali ya makaseti awiri, ndipo achimwene anga anali ndi kaseti ya nyimbo zomwezo zoimbidwa ndi eni ake. Ndinathamanga kukaitenga. Ndinatafuna kapepala, n'kutseka timabowo ta pamwamba pa kaseti ya a NyaGondwe monga tinkachitira tikafuna kujambulirapo zina, kenako n'kudina batani lofiira. Ndinajambula mbali zonse ziwiri, ndikudziuza kuti ndikuwachitira chifundo.

A NyaGondwe atabwera ndinawadinira ndekha, mano onse pamtunda. M'nyumbamo munamveka mawu osalala a mzimayi wachizungu. A NyaGondwe sanakalipe. Anakhala pansi pamphasa osavula nsapato, manja pamiyendo, n'kumvetsera mbali yonse. Anatembenuza okha kasetiyo. Ine ndinafuna kutuluka, koma ndinangoima pomwepo.

Kaseti ya achimwene inali yaifupiko. Nyimbo yomaliza itatha kunangomveka phokoso la tepi, kenako gitala wachitini uja analira kamodzi. Ndiye mawu a mnyamata, pafupi penipeni ngati waima kumbuyo kwanga, anati:

"Iwe, usakhudze pamenepo!"

Anaseka, anatsokomola, batani n'kudumpha lokha.

Ndinatembenukadi kuyang'ana kumbuyo. Kunali katani yokha, ndi chithunzi cha mnyamata atanyamula gitala, chimene ndinali ndisanachionepo chidwi.

"Ndi mwana wanga ameneyo," anatero a NyaGondwe. "Ankauza mnzake woimba ng'oma."

Mayi anga atamva anathyola kamtengo ka pichesi, koma a NyaGondwe anawagwira dzanja. Ndikanakonda akanandikwapula, chifukwa chimene chinatsatira chinali chowawa kuposa mkwapulo. Mawa lake, dzuwa litapendeka, makatani anatsekedwa monga mwa masiku onse. Nyimbo zanga zabwino zija zinayamba. A NyaGondwe sankathamangitsa tepi, poopa kuti ingatafunidwenso. Ankamvetsera azungu aja mpaka kumapeto, tsiku ndi tsiku, kudikira mawu atatu aja ndi kachifuwa kaja. Ine kuseri kwa khoma ndinkadikira nawo mpaka ndimve Wongani akundiletsa mochedwa, mayi ake n'kuyankha kuti, "Pepa." Zinatero zaka ziwiri, mpaka tinasamukira ku Area 23.

Lero ndine munthu wamkulu, nyimbo ndimazikondabe, ndipo khutu langa silinasinthe: anyamata aja sankaimba bwino. Koma ndinazindikira kuti a NyaGondwe sankamvetsera nyimbo. Ankamvetsera mwana wawo akupuma, ndipo ine ndinamufufuta chifukwa chizungu chake sichinandisangalatse. Ana anga akamaseka wina amene akuimba nyimbo ya eni pafoni, ndimawauza kuti ayambe afunsa kuti akumumvetsera ndani. Amandiona ngati ndakalamba. Sindinawauzepo kuti mpaka pano, nyimbo ikatha m'nyumba n'kukhala zii, ndimachotsa dzanja pawailesi msangamsanga.