Phala Lopanda Ndulu

Amalume anga a Gerishon sanali munthu woiwala chipongwe, ndipo ine sindiwanena. Anabadwira ku Chifunga, m'dera la Neno, nakagwira ntchito ku Kabula kwa Bwana Dankani, mzungu wa ku Sikotilandi amene ankayendayenda m'matchalitchi kukonza malimba. Kwawo mzunguyo anali woimba, koma kuno dzuwa linamufoola, n'kungotsala wolozera ndi chala, manja ogwira ntchito ali a amalume. Pobwerera kwawo mu 1946 anawasiyira limba lake lopondera ndi mapazi. Amuna anayi analinyamula pamtengo mpaka kumudzi, amalume n'kulipereka ku tchalitchi chathu. Sabata iliyonse ankaliimba okha.

Limba limalira ndi mpweya wa mvukuto wachikopa umene uli m'kati mwake. Ukang'ambika, amalume ankamatapo chigamba cha chikopa cha mbuzi ndi phala la chinangwa. Koma phala lotero makoswe salisiya, choncho ankathiramo ndulu ya mbuzi kuti liziwawa. Nzeru imeneyi inali yawoyawo, ndipo amene ankaidziwa ndife apanyumba basi.

A Laimoni, mkulu wa mpingo, ankausirira mpando wa palimba. Atamva kuti amalume akupanga mabanjo a zitini n'kumagulitsa kwa oimba pamowa, anapeza pogwira. Amalume anadulidwa mumpingo, banjo imodzi n'kutenthedwa pabwalo la tchalitchi anthu akuona. Limba linatsala, poti akuti mphatso sibwerera. A Laimoni anakhalapo, n'kumaliimba ngati akusinja chimanga, nyimbo ziwiri zomwezomwezo zaka zisanu ndi ziwiri. Amalume ankamvera kumunda, mtima ukuwawa.

Mu 1955 mvukuto unang'ambika, kutatsala milungu itatu kuti Callista, mwana wa a Laimoni, akwatiwe. Bamboyo anali ataitana anthu mpaka a ku Matope, atawalonjeza ukwati wa limba. Anafika kwathu chipewa chili m'manja.

"A Gerishon, zakale zinapita, eti? Tithandizeni."

"Palibe mlandu, akulu," anatero amalume. "Mawa ndifika."

M'mawa mwake ndinawaona akuphika phala. Ndulu anaisiya pomwe inkapachikika kutsindwi, ndipo m'malo mwake anawazamo kansinjiro. Anakamata bwinobwino, limba n'kulira kuposa kale, a Laimoni mpaka kuwaombera m'manja.

Tsiku la ukwati tchalitchi chinadzaza. Mkwatibwi atafika pakhomo, a Laimoni anaponda. Limba linangoti fuu. Anapondanso mwamphamvu, thukuta lili kamukamu, ndipo makoswe atatu anatulukira pansi n'kudutsa pamapazi a mkwatibwi. Amayi a ku Matope anaseka mpaka kugwira nthiti. Amalume anali panja, pazenera, ndipo anaseka koposa onse. Inenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire, ngakhale Callista ankalira.

Patatha mwezi akulu a mpingo anabwera, a Laimoni palibe, kudzawapempha kuti abwerere pampando wawo. Amalume anatsitsa ndulu kutsindwi, n'kunyamuka akuimba mluzu. Atatsegula limba anangokhala pansi. Makoswe sanalekere pazigamba. Anadya mvukuto wonse, nsalu zake, ngakhale timatabwa topyapyala togwira timalilime tamkuwa totulutsa mawu. Zimenezi zinachokera kwawo kwa Bwana Dankani, ndipo ku Neno konse kunalibe wozipanga.

Limba silinalirenso. Anthu analisenzera kwathu, ndipo linakhala pakhonde, nkhuku zikuikiramo mazira. Munthu akawafunsa ngati ankadandaula, amalume ankati, "Kodi nkhope ya Laimoni tsiku lija munaiona?" Akatero ankacheukira kukhonde kuja.

Anamwalira mu 1959. Pamaliro awo tinaimba ndi pakamwa pokha.