Zipolopolo za Amalume Ndinazipereka ndi Manja Awiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene zipolopolo zinasowa m'masitolo, ndipo mpaka lero ndikangomva dzina la amalume a Faisoni mtima wanga umawira. Anthu amati munthu ukamakula mkwiyo umazirala. Bodza lenileni. Wanga unakulira nane limodzi.

Tinkakhala ku Bowie, ku America, m'nyumba ya lendi yokhala ndi galaja yozizira ngati filiji. Bambo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba cha ku Upper Marlboro. Ankanyamula madoda olemera kuwachotsa pabedi, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwamangira mabatani. Chakudya chathu chambiri chinkachokera m'manja awo awiriwo. Mayi nawonso ankagwira ntchito yomweyo kwina. Chosangalatsa bambo anali nacho chimodzi chokha, kusaka agwape. Novembala akamatha, nyengo yosaka ikatsegulidwa, ankatenga chiphaso ndi mfuti yawo n'kupita kumapiri a kumadzulo, ndipo nyama imene ankabwera nayo ndiyo inkadyedwa pa Khirisimasi ya Amalawi a kutchalitchi kwathu. Anthu anafika powatcha a Gwape, iwo n'kumasekerera.

Chaka chimenecho, 2009, zinthu zinavuta. Chitangotha chisankho cha pulezidenti kunafala mphekesera yoti boma likhwimitsa malamulo a mfuti, basi anthu anakokolola zipolopolo ngati kukubwera nkhondo. Loweruka lina ndinawaperekeza bambo m'masitolo anayi. Monsemo mashelefu anali pululu. M'sitolo yomaliza wogulitsa anatulutsa kabokosi kamodzi pansi pa kauntala, bambo ataona mtengo wake anangoimba mluzu n'kundigwira dzanja kuti tizipita.

Apa mpamene analowerera amalume. Iwo ndi mchimwene wawo wamkulu wa mayi, ndipo ndi amene anayamba kufika ku America n'kuthandiza makolo anga kuti abwere. Kwathu ku Dowa malume ndiye mwini mbumba, bambo wa ana ndi mkamwini chabe. Mwambo umenewo unakwera nafe ndege, sunatsale. Amalume ankayendetsa takisi ndipo ankakhala m'kafulati kapamwamba ku Wheaton, koma akafika kwathu bambo ankanyamuka pampando wawo n'kuwasiyira.

"Alamu, mukudandaula chiyani?" anatero amalumewo atamva za masitolo aja. "Zipolopolo amapanga ndi anthu, si angelo ayi."

Pamenepo sananame. Alenje ambiri a kuno amachitadi zimenezo, ndipo lamulo limalola. Amatola makoko a zipolopolo zowombedwa kale, kuwatsuka, kuthiramo onga watsopano, n'kufinyira mutu wina ndi kamakina kokhala ndi chogwirira. Amalume anakagula kamakina kakale kwa mzungu wina, n'kudzakamanga patebulo m'galaja mwathu poti kufulati kwawo kunalibe malo. Kanabwera ndi kasikelo kakang'ono ndiponso buku lalikulu lakuda ndi mafuta.

Ine ndinali mwana wowerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pabotolo la sopo. Bukulo ndinaliwerenga. Zambiri sindinazimve, koma chinthu chimodzi linkachibwereza mpaka kutopetsa: yezani onga pasikelo, musayerekeze ndi maso, mukapitiriza pang'ono pokha mfuti ikhoza kukuphulikirani m'manja. Linanenanso kuti onga wa masiku ano ndi waukali kuposa onga wakuda wa mfuti zamakedzana.

Loweruka lotsatira bambo ali kuntchito, mayi anandituma kukatenga nkhuku m'filiza ya m'galaja. Ndinawapeza amalume atakhala patebulo paja akuimba nyimbo ya kwaya, m'galaja monse mukununkha mafuta a makina. Kasikelo kanali m'bokosi lake, pansi pa jekete lawo. M'dzanja anali ndi kasupuni ka tiyi ka mayi. Ankatunga onga, kuthira m'khoko, kenaka n'kutapanso pang'ono ndi nsonga ya supuni.

"Kabasela aka," anatero atandiona, akuseka. "Kuti gwape akagwa asadzukenso."

Ndinaloza sikelo ija.

"Iwe, agogo ako ankapha nguluwe ndi gogodela, mfuti yothirira onga kukamwa. Ankayeza pachikhatho. Sikelo anaiona kuti? Tenga nkhukuyo uzipita."

Mawa lake titaweruka kutchalitchi kunabwera alendo kudzadya nafe. Panali akulu ampingo awiri ndi mayi wina wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito limodzi ndi mayi anga. Tili mkati modya mpunga ndi nkhuku ija, amalume anakatenga bokosi la zipolopolo zawo n'kuliika pakati pa tebulo. Zinali zonyezimira, zofoledwa bwino ngati zogula. Anthu anaomba m'manja. Mkulu wampingo wina anati ndiye kuti nyama ya Khirisimasi yapezeka, bambo n'kumwetulira.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaimirira, ndipo monga ana onse okulira kuno, mantha atandipeza ndinathawira ku Chingerezi. Ndinanena mokweza kuti amalume sanayeze, anagwiritsa ntchito supuni, ndipo buku likuti mfutiyo iphulika.

Alendo onse anatembenukira kwa ine.

"Bana ba kuno sibamvela," anatero mayi wa ku Lusaka uja, akupukusa mutu.

Amalume sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mayi. "Nabanda, mwana ameneyu walera ndiwe? Ine ndikutsutsidwe ndi kamwana ka mchemwali wanga, pamaso pa alendo, m'Chizungu?"

Mayi anandigwira khutu mpaka kukhitchini, ndipo khofi limene ndinalandira kumeneko ndimalimvabe. Anati ndawavula, ndawachititsa manyazi kwa munthu amene anatichotsa mu umphawi. Kenaka anandibweza kuchipinda chodyera kuti ndikagwade. Ndinagwada pakapeti.

"Pepani amalume, ndinalakwa."

"Bwereza. Chichewa chakocho chikumveka ngati cha mzungu wa kumishoni."

Alendo anaseka. Ndinabwereza. Ndinaponya diso kwa bambo, munthu amene ankandikhulupirira pa chilichonse, kuti mwina anenepo kanthu. Iwo anangoti ndwii kuyang'ana m'mbale mwawo. Zimenezo zinandiwawa kuposa khofi lija. Ndili chigwadire ndinalumbira mumtima kuti sindidzatsegulanso pakamwa, ndipo ndinawonjeza mawu amene ndikanakonda ndikanawameza: ziwaphulikire, aone.

Milungu iwiri inadutsa ndisakulankhula ndi munthu za nkhaniyo. Bokosi lija linali pashelefu m'galaja, ndipo tsiku lililonse pochokera kusukulu ndinkadutsa pomwepo. Bini ya zinyalala inali pafupi. Ndikanatha kulitaya, kulibisa, kapena kuwagwira bambo dzanja tili awiri n'kuwauzanso bwinobwino m'Chichewa. Sindinachite chilichonse. Ndinali nditanyanyala, ndipo kunyanyalako ndinkakumva kukoma.

Tsiku la ulendo linafika. Kunja kunali chisanu choluma makutu, amalume atakhala kale kutsogolo kwa galimoto ndi fulasiki ya tiyi. Iwo analibe mfuti kapena chiphaso, ankangoperekeza. Bambo akulongedza katundu anandiitana.

"Tadala, tanditengera bokosi lija pashelefu."

Ndinakalitenga. Linali lolemera, lozizira. Ndinafika pagalimoto, ndinapinda mawondo, n'kulipereka kwa bambo ndi manja awiri monga mwana woleredwa bwino.

"Ehee," anatero amalume pawindo. "Tsopano waphunzira."

Foni inalira madzulo dzuwa lisanalowe, mayi akusita yunifolomu. Atayankha, ndinaona simbi itatsala pansalu mpaka kununkha. Bambo anali ataona gwape, n'kuwomba kamodzi kokha. Mfuti inang'ambika pomwe anagwira ndi dzanja lamanzere. Alenje ena amene anali pafupi ndiwo anawamanga mkono n'kuthamangira nawo kuchipatala. Chala chachikulu ndi zina ziwiri zinatsala m'nkhalango momwemo, ndipo tizitsulo tina anachita kuwachotsa patsaya, pansi penipeni pa diso.

Kuchipatalako ndinawapeza amalume ali m'khonde, akufotokozera akulu ampingo aja. Ati mfutiyo inali yotha kale. Patapita masiku nkhani inasintha, ati kumudzi kuli wina amene sakufuna kuti alamu atukuke. Anthu akuluakulu, ena a iwo ogawa mankhwala tsiku ndi tsiku, ankangovomera ndi mitu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula supuni. Palibe amene anati mwana uja ananena. Mayi wa ku Lusaka uja anandisisita kumutu n'kundiuza kuti ndizipemphera. Ndinalakalaka kumuluma dzanja.

Nkhalamba sunganyamule ndi dzanja limodzi ndi theka. Ntchito ya bambo inathera pomwepo. Anakhala pakhomo chaka chathunthu, kenaka anapeza ya ulonda pamalo oimika magalimoto, ndipo mayi anayamba kugwira mashifiti awiri mpaka miyendo kutupa. Dzina la a Gwape linafa lokha. Amalume anabwera kudzamasula kamakina kawo n'kukagulitsa, poti nthawi imeneyo anthu ankakalimbirana. Mayi anawaphikira tiyi tsiku limenelo. Mpaka lero sanandiuzepo kuti khofi lija linali lolakwika.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti bokosi lija linadutsa m'manja mwanga. Ndinkati ndikanalankhulanso kachiwiri, bambo akanamva, popeza mwina ulendo woyamba uja sanamvetse. Ndinazisenza choncho zaka khumi, mpaka tsiku limene ndinkalandira satifiketi ya unamwino. M'mawa wa tsikulo ndinkawamangira batani la pamkono wakumanja, limene sangathe kumanga okha, ndipo ndinangoyamba kulira n'kuwapepesa.

"Ukupepesa chiyani, mwanangu?" anatero. "Ine ndinkadziwa. Buku lija ndinaliwerenga iwe usanaligwire. Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke ndinatulutsa sikelo kuti nditsegule chipolopolo chimodzi ndiyeze onga wake. Ndinaibwezanso m'bokosi. Ndinati alamu akamva adzati mkamwini wanyoza mwini mbumba."

Sindinawakumbatire. Ndinapsa mtima kwambiri moti batani lija ndinalidula. Munthu wamkulu, wa ana, wodziwa kuti piritsi limodzi lowonjezera limapha nkhalamba, anasankha kuika dzanja lake pamoto kuopa kukhumudwitsa mlamu wake. Ndipo anandisiya ine ndigwade pakapeti akudziwa kuti ndikunena zoona.

Lero ndikumvetsa kuti patebulo paja panalibe mbuli. Tonse tinkadziwa, kapena tikanatha kudziwa. Amalume ankateteza ukulu wawo, mayi ankaopa kutchedwa osayamika, bambo ankaopa dzina la mkamwini wamwano, ine ndinkasamala kunyanyala kwanga. Onga sunafunse kuti wamkulu ndani. Mwambo wathu sindinautaye, ndipo ana anga amagwada popereka madzi kwa agogo awo. Koma ndinawauza kuti akaona chinthu choti chipweteka munthu anene, abwereze, akuwe ngati kuli kofunika, m'chilankhulo chilichonse chimene chabwera pakamwa. Za ulemu tidzakambirana aliyense ali ndi zala zake.

Amalume a Faisoni akadali moyo ku Wheaton komweko, zala zawo zonse khumi zili bwinobwino. Timakumana pamaliro ndi pamaukwati. Akatambasula dzanja ndimawapatsa moni ndili chiimirire, ndi dzanja limodzi, ndipo amayi a kutchalitchi amanong'onezana kuti mwana wa a Nabanda ndi wamwano. Anene. Manja awiri ndinapereka kale.