Magazi Amene Bai Tsonko Sanawaone

Bai Tsonko (kuno "Bai" ndi ulemu wa bambo wachikulire) anagwira ntchito yonyika nsalu mu utoto kuyambira ndevu zisanamere mpaka fakitale itatsekedwa. Masiku amenewo mtsinje wa Yantra unkasintha mtundu potengera nsalu zimene zanyikidwa, lero wofiira, mawa wobiriwira, ndipo ife ana a m'tauni ino tinkayesa kuti mitsinje yonse imatero. Panalibe wofunsa kuti utoto wolowa m'thupi la munthu ukathera kuti. Unkathera m'chikhodzodzo. Zimenezo tinadzazidziwa mochedwa, amuna a ku utoto atayamba kukodza magazi mmodzimmodzi, imvi zili mbuu.

Matendawa atawapeza Bai Tsonko, n'kuti akazi awo, a Nedyalka, atagona kale kumanda. Mwana wawo yekhayo, Tsvetelina, ankasamalira nkhalamba za eni ake ku Spain. Ankaimba foni Lamlungu, ndipo bambo ake ankayankha kuti zonse zili bwino asanafunsidwe n'komwe. Bai Tsonko ankakhala yekha pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana imene mabanja ambiri anasamukamo. Tsiku linkatha lathunthu osatsegula pakamwa, kupatula potsokomola.

Madokotala anachipala chotupacho, koma khansa ya chikhodzodzo ndi mlendo wochoka osatsanzika, amatha kubwereranso. Choncho pakapita miyezi ingapo ankayenera kukaunikidwa ndi kachubu kokhala ndi diso kumapeto, kamene amakalowetsera kunjira ya mkodzo. Musandifunse zambiri. Mwamuna aliyense akangomva nkhaniyi amapanikiza miyendo.

Dokotala wawo, mayi Rashkova, ankakonda kuitana amuna onse a ku utoto Lachiwiri limodzi, kuti athane nawo pakamodzi. Ankadikira pabenchi yayitali ya pakhonde, zipewa zili m'manja. Ku fakitale sankadziwana kwenikweni, poti wina ankalowa m'mawa, wina madzulo, ndipo ankangopatsana moni pachipata. Benchi ija ndi imene inawasandutsa abale. Woposa onse pakamwa anali Dencho, nkhalamba ya mphuno yaikulu imene mwana wake anaitengera kumudzi wina kuseri kwa phiri.

"Tsonko, ukadali moyo?" ankatero Dencho akangomuona. "Ine ndimati ndikapemphe nyumba ija."

"Ndi mawondo akowo? Ungafere pamasitepe oyamba, nkhalamba yopanda manyazi iwe."

Wina akatuluka m'chipinda cha dokotala akuyenda chotang'adza, benchi yonse inkafa nacho chikhakhali.

"Taonani, mkwati uja watuluka! Bulu wake wamusiya kuti?"

"Sekani, sekani. Wotsatira ndiwe."

"Nanga akuti chiyani amayi?"

"Akuti m'kati mwanga ndi mokongola kuposa kumaso kwako."

Akatha onse ankatsikira ku kanyumba ka khofi pafupi ndi pokwerera basi. Ankadya banitsa, mkate wathu wa tchizi, n'kumwa pang'ono rakiya, kachasu wa kuno amene dokotala anawaletsa, uku akutukwana mabwana amene anafa kalekale. Bai Tsonko ankafika kunyumba pansi pakuwotcha ngati pathiridwa tsabola, koma mmero utasasa ndi kuseka. Nkhani za tsiku limenelo ankazibwereza yekha kukhitchini kwa milungu.

Chodandaula chachikulu cha amuna a pabenchi aja chinali chimodzi. Anamva kuti ku Sofia, likulu la dziko lathu, kuli njira yoyezera mkodzo wokha, osakulowetsa kanthu. Koma inshuwalansi yowonjezera, imene bungwe la antchito akale a fakitale yathu linawalembetsa, inkati njirayo njatsopano ndipo siilipira. Kulipira okha? Ndiye kuti simukuwadziwa anthu a kuno. Ife sitigula chinthu chimene china chake chilipo chaulere, ngakhale chaulerecho chikhale choliritsa. Ankalolera kachubu, koma pakamwa osatseka. Ndipo wolongolola kwambiri anali Bai Tsonko yemwe. Anapita ku ofesi ya bungwelo kambirimbiri, kumenya tebulo, kuwauza anyamata a mataye kuti tsiku lina adzagone okha pabedi lija amve kukoma kwake.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chaka china, chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kusungunuka, foni inalira. Anali namwino Sevdalina, wa kwa mayi Rashkova.

"Bai Tsonko, mwapambana! A inshuwalansi avomera. Inu ndi anzanu amene mwakhala nthawi osapezeka ndi kanthu, kachubu muzikaona mwa apo ndi apo basi. Muzingopereka mkodzo pamalo oyezera a kufupi ndi kwanuko, m'mawa uliwonse umene mwafuna. Zotsatira tizikuimbirani."

Anasangalala, tisaname. Anaimbira Tsvetelina ngakhale silinali Lamlungu, mwanayo mpaka analira. Koma atakhala pansi madzulo ndi pamene anazindikira kuti Lachiwiri lapita lija linali lomaliza, ndipo palibe amene anatsanzika mnzake. Nambala ya foni analibe ya aliyense. Amuna a msinkhu wawo sapemphana manambala, chifukwa kutero kuli ngati kuvomera kuti ulibe anthu. Ndiponso ankapempheranji, poti ankadziwa kuti akumananso? Za Dencho ankadziwa dzina loyamba, mphuno, ndi kuti amakhala kuseri kwa phiri. Kuseri kwa phiri kuli midzi yambiri.

Pamalo oyezera panali kawindo ndi thireyi. Unkaika kabotolo kako, dzanja lovala gulovu n'kukatenga, basi. Ntchito yonse inkatha khofi asanazizire kunyumba. Patapita masiku foni inkalira: mulibe kanthu, Bai Tsonko, khalani bwino. Nkhani yabwino chotere inkafuna munthu woti aiseke, anene kuti ngakhale khansa yakukana. Anayesa kuuza mayi wogulitsa buledi. Mayiyo anati, "Zikomo Mulungu, agogo," maso ali kale pa kasitomala wina.

Chilimwe chinadutsa, masamba anayoyoka, kabotolo kanapitanso n'kubwera ndi yankho lomwelo. Thupi linali bwino kuposa kale, koma mwini wake ankafota. Anayamba kudzuka mochedwa, kumeta mwa apo ndi apo, kudya ataimirira. Anasungulumwa koopsa, ndipo chinkamuwawa kwambiri n'chakuti anazimenyera yekha nkhondo zimenezi. Kali kokha n'kanyama. Anafika pokasowa kachubu kaja, kamene anakatukwana zaka zonsezi.

Mayi Rashkova anali atawachenjeza kuti aliyense akaona magazi asadikire tsiku lake, aimbe nthawi yomweyo. Bai Tsonko analimbana nawo mawu amenewa kwa sabata zingapo. Sanali munthu wabodza. Koma m'mawa wina anavala malaya oyera ngati kuti dokotala amuona pafoni, n'kuimba.

"Adokotala, pepani kukusokonezani. Ndaona magazi."

"Ambiri? Amtundu wanji?"

Apa ndiye dokotala anafunsa katswiri wa utoto. "Osati ofiira kwenikweni ayi. Ngati madzi otsukira nsalu yofiira, kachiwiri."

"Mubwere tikuunikeni. Lolemba mungathe?"

"Lolemba ndili ndi alendo," anatero munthu amene chitseko chake sichinagogodedwe chaka chonse. "Lachiwiri bwanji?"

Kuno munthu akalandira nkhani yabwino sapita kwa anzake chimanjamanja, amawadyetsa chokoleti kuti mwayi usathawe. Bai Tsonko anali ndi nkhani zabwino zingapo zosadyetsedwa, choncho anagula bokosi lalikulu, osati lotchipa lija. Anameta ndevu, napukuta nsapato. M'basi anakonza kale chomuyankha Dencho.

Benchi anaipeza pamalo pake. Panali mnyamata wina wogwira m'chiuno, maso ali pafoni, ndi mayi wina woperekeza mwamuna wake wosamva. Anapereka moni, anamuyankha ndi mutu. Nthawi iliyonse chitseko cha kumasitepe chikatseguka ankadzutsa khosi. Ankalowa ndi anthu ena basi. Ndi pamene nzeru inamubwerera, mochedwa monga mwa masiku onse: anzake aja nawonso anali kumawindo awo ndi timabotolo tawo. Ankayembekeza kuti abwera kudzatani?

Dzina lake litaitanidwa analowa. Kuthawa kukanakhala kuulula bodza. Anagona pabedi lija, naluma mano, nayang'ana kudenga. Kachubu kanawawa kuposa kale, kapena n'chifukwa chakuti panja panalibe womudikira.

"Muli moyera ngati m'tchalitchi, Bai Tsonko," anatero mayi Rashkova akuvula magulovu. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anatuluka kukaona wodwala wina.

Namwino Sevdalina anatsala akumuthandiza kuvala jekete. Ataona bokosi lija pampando anapukusa mutu.

"Inu a ku utoto mwatani kodi chaka chino? Mwezi watha kunabweranso anzanu aja a mphuno, Bai Dencho. Nawonso akuti magazi. Tinawaunika, mulibe ngakhale kadontho."

Bai Tsonko anaima dzanja lili theka m'jekete. "Dencho anabwera?"

"Lachiwiri ngati lero. Anakana tsiku lina lililonse. Atatuluka muno anakhala pabenchipo mpaka masana, bokosi la chokoleti lili pamiyendo, kumangoyang'ana kumasitepe. Mapeto ake anatigawira ife."

"Mwanawe, undipatseko nambala yake."

"Foni alibe, agogo. Imene tili nayo ndi ya mwana wawo, ndipo siiloledwa kuperekedwa. Mukufuna andichotse ntchito?"

"Nanga abweranso liti?"

"Chaka chamawa, Mulungu akalola. Tsiku lawo ndi lina, lanu ndi lina. Masiku ano makina ndi amene amagawa."

Bai Tsonko anamaliza kuvala jekete pang'onopang'ono, mabatani akumuvuta. Anafuna kuseka kuti nkhalamba yopusa ija inamuyambirira ngakhale pa kupusa, koma kusekako kunakanika. Anatenga bokosi lija n'kuliika m'manja mwa namwino.

"Ili usadye ndi anzako. Ulisunge m'kabati. Akadzabweranso ndi bodza lina, udzampatse, unene kuti Tsonko akadali moyo ndipo nyumba ija asaiwerengere."

"Bodza lanji, Bai Tsonko?"

"Iwe ungompatsa," anatero, akufufuza chipewa chake chimene chinali kale kumutu.