Dzanja Lokana Kutambasuka

Kuntchito ankawatchula kuti a Chandamale, ndipo dzinali silinali lowanamizira. Zaka makumi atatu anaombera timu ya apolisi m'mipikisano ya mfuti, ndipo zikho zinadzaza kabati mpaka akazi awo kusowa poika mbale. Atapuma pantchito anabweza mfuti, n'kutsala ndi zipinda ziwiri, wailesi ndi zenera loyang'ana khoma la aneba. Munthu wozolowera kuona patali, iyeyu tsopano ankangoona njerwa.

Amene anawatulutsa m'nyumbamo ndi alamu awo, makaniko wolongolola kwambiri. Anawatengera ku holo kumene Loweruka lililonse masana abambo amaponya madatsi, timivi tating'ono tolasira bolodi lozungulira pakhoma. Tsiku loyamba lomwelo, alamu atangoti "tiyeni," kamuvi kanakaima pakatikati penipeni. Anthu anaomba m'manja, kaputeni n'kuwalemba mu timu osafunsa zambiri. Kuyambira pamenepo sabata yawo yonse inali yodikira Loweruka basi.

Koma madzi saiwala khwawa. Woombera chandamale saomba asanalamulidwe, ndipo akalamulidwa amagwira mpweya n'kupinda chala pang'onopang'ono. Kamuvi ndiye kamafuna zosiyana: utambasule dzanja, ukataye. Poyeserera zinkayenda, chifukwa pakamwa pa alamu sipankatsekeka. Pampikisano, pomwe lamulo limati aliyense akhale chete munthu akamaponya, mavuto ndi pomwe ankayambira. A Chandamale ankaima pamzere, diso limodzi lotsinzina, kudikira mawu amene sankabwera, zala zikungofinya kamuviko. Zinachitika kawiri, timu n'kugonja. Kaputeni anawauza mwaulemu ndithu kuti kachitatu malo awo apatsa wina, pakuti ofuna analipo ambiri.

Nkhaniyi inawaopsa kwambiri. Kunyumba anapachika bolodi kuseri kwa chitseko, napempha akazi awo kuti asamayankhule. Mayiwo anaseka n'kunena kuti chikwatiraneni aka kanali koyamba kupemphedwa chinthu chimene sangathe. Komabe anayesetsa, ndipo masana onse ankamva kupuma kwa amuna awo, osamva kamuvi kakulasa thabwa.

Loweruka la mpikisano holo inadzaza. Masewera atafika kumapeto, kunatsala kamuvi kamodzi, ndipo kanali m'dzanja lawo. Malo ofunika kulasa ankawaona bwinobwino, aakulu ngati mbale. M'holo munangoti zii. Thukuta linatsikira m'kolala, zala zili gwa. Alamu anatsegula pakamwa, kaputeni n'kuwaponda phazi.

Kenako bambo wamkulu uja, amene anaphunzitsa anthu mazana kugwira mfuti, anatembenukira kwa woyimbira masewera, munthu wa msinkhu wa mwana wawo.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "tandilamulani."

"Pepani bambo, sindiloledwa. Muponye nokha."

A Chandamale anayang'ananso bolodi lija nthawi yaitali. Manyazi anawagwira, osati chifukwa cha anthu, koma pozindikira kuti pa moyo wawo wonse sanaombepo n'kamodzi komwe mwa kufuna kwawo. Anatsitsa mkono, nachoka pamzere. Alamu anawaperekeza, kamuvi kakadali m'dzanja. Atafika kunyumba, akazi awo anawakhazika pampando n'kuyamba kuwatambasula zala, chimodzichimodzi, kuti achotse kamuviko.